Za Mtolo, Ngolo ndi Njinga: Mbiri ya Kusuntha Katundu m'Dziko la Chamama

Belo la fodya lodindidwa bwino lilemera makilogalamu ngati 100. Mwamuna mmodzi, angakhale wamphamvu, sakhoza kulisenza pamutu kuchokera kumudzi kwache kufikira pa msika wa Chamama. Koma mnyamata wa zaka 12, wokhala pa ngolo ndi kachikoti m'dzanja, afikitsa mabelo asanu pamalo pomwepo dzuwa lisanatenthe. Belo silinapepuke ai, ndipo mnyamatayo sanapose atate wache mphamvu. Kapena mudzati, Nanga si ng'ombe kodi? Inde, ng'ombe ziri nazo mphamvu. Koma tayesani kugawa mabelo asanuwo ndi kuwamanga pamsana pa ng'ombe ziwiri, muone ngati zidzafika. Chinsinsi chiri pena, ndipo anthu anzeru a maiko akutali anatha zaka ngati 2,000 ali kutsutsana asanachitulukire. Lero chiphunzitsidwa kwa ana a sukulu za pulaimale m'phunziro la sayansi, pa mutu wa mphamvu ndi kayendedwe ka zinthu. Ndipo makolo ambiri ayesa kuti ali mau a Chingerezi chabe, oloweza pofuna kukhoza mayeso. Koma dziko lino la Kasungu linayamba kulimbana ndi phunziro lomweli kale lomwe, sukulu isanamangidwe ndi imodzi yomwe.

Tiyambe tamvana pa mau. Ponena mphamvu m'nkhani yino tinena kukankha kapena kukoka, si kanthu kena ai. Munthu wofuna kusuntha katundu apeza zinthu ziwiri zomkaniza. China ndi dziko lenileni, limene likokera pansi kanthu kali konse. Kukoka kumeneku ndiko timati kulemera. Chinzache ndi kukhulana, ndiko kugwirana kwa zinthu ziwiri pamene china chikwawa pa chinzache, monga thumba la chimanga likanirira pansi polikoka pabwalo. Makolo anakudziwa bwino kukhulana, pakuti ndiko anapekera nako moto ndi timitengo tiwiri, nanolera nako mipeni pa mwala. Njira zonse zonyamulira katundu, kuyambira nkhata kufikira sitima ya pamtunda, ziri nzeru zosiyanasiyana zolambalalira adani awiri amenewa.

Kale katundu yense wa dziko lino anayenda pamutu. Mudzi wa Mwase Kasungu unali pa njira yaikuru ya malonda yochokera kumadzulo, ku Luangwa ndi kupitirira, kutsikira kunyanja kwa Jumbe wa ku Nkhotakota. Ndipo pamene David Livingstone anafika kwa Mwase m'chaka cha 1863, njirayo inali yopondeka kale. Minyanga ya njobvu, mkuwa, nsaru, mikanda, mchere ndi makasu, zonsezi zinasenzedwa ndi anthu, ena olipidwa, ena akapolo amene iwo eni anali malonda pamodzi ndi mitolo yao.

Wosenza alibe nkhondo ndi kukhulana, popeza mtolo wache sukhudza pansi. Koma alimbana ndi kulemera ulendo wonse, osapuma ndi phazi limodzi lomwe. Chifukwa chache anafuna malo a thupi oyenera koposa, napeza mutu. Mtolo wa pamutu ukhala pamwamba penipeni pa msana, ndipo kulemera kwache kutsika molunjika m'mafupa kufikira pansi, kotero kuti minofu siibvutika kwambiri pouchirikiza. Koma mtolo wa m'dzanja upendeketsa munthu kumbali, ndipo thupi lonse ligwira nchito yodziongola. Nkhata nayonso siichotsa kulemera ndi pang'ono ponse. Nchito yache ndiyo kukumwaza pa malo otambalala, kuti kusaboole pakati pa mutu pokha. M'chaka cha 1986 anthu ophunzira anayesa mpweya umene akazi a mitundu ya Aluo ndi Akikuyu a ku Kenya apuma posenza, napeza kuti mkazi wozolowera atha kusenza mtolo wolingana ndi gawo limodzi la magawo asanu a kulemera kwa thupi lache, wosaonjezera pa mphamvu imene atha poyenda chimanjamanja. Asilikali onyamula katundu kumsana sanafikepo pamenepo. Amai athu ochokera kumjigo ndi ndowa pamutu achita chomwecho tsiku ndi tsiku, ndipo palibe anawauza kuti nzeru yao inalembedwa m'mabuku a sayansi.

Azungu oyamba anafika ali kudziwa gudumu, koma nawonso anatsamira pa mitu ya anthu. M'chaka cha 1875 amishoni a Livingstonia, otsogoleredwa ndi E. D. Young pamodzi ndi Dr. Robert Laws, anafika pa mathithi a mtsinje wa Shire ndi sitima yao, dzina lache Ilala. Sitima siikwera mathithi. Potero anaipasula zidutswazidutswa, ndipo amuna mazana ambiri anazisenza ulendo wa makilomita ngati 100, m'miyala ndi m'dzuwa, nazitula kumtunda kumene inalumikizidwanso. Ndipo pa 12 October inalowa m'nyanja. Kampani ya African Lakes, imene anthu anaipatsa dzina lakuti Mandala, inayamba m'chaka cha 1878, ndipo malonda ache anayenda ndi amtengatenga, mwamuna ali yense ndi mtolo wa makilogalamu ngati 25. Mzungu mwini, pofuna kuyenda ulendo, anagona m'machira, nasanduka katundu iye yemwe.

Malire a njira imeneyi anaoneka poyera pa nkhondo ya 1914 kufikira 1918, imene akuluakulu anaikumbukira ndi dzina lakuti Chiwaya. Amuna a Nyasaland ngati 200,000 anatengedwa kukasenzera asilikali chakudya ndi zipolopolo, ambiri mokakamizidwa. Tawerengani nokha. Mwamuna wogwira nchito yotere afuna chakudya ngati kilogalamu imodzi pa tsiku. Akasenza ufa wa makilogalamu 25 ulendo wa masiku 12 kupita ndi masiku 12 kubwera, wadya chifupi mtolo wache wonse panjira, ndipo msilikali wam'tsogolo alawa pang'ono chabe. Potero nkhondo ikatalikira, panafunika osenza ena osenzera osenza anzao, ndipo chiwerengero chinangokula; chakudya chikaperewera, woyamba kumanidwa anali mtengatenga. Ambiri anafera m'njira ndi njala, kamwazi ndi chibayo, osaona mdani ndi maso.

Nanga gudumu linali kuti? Linapangidwa kale, zaka zoposa 5,000 zapitazo, m'maiko a Mesopotamia ndi ena a kumpoto. Ndipo ena mwa agogo athu anawerenga za magareta a Farao asanaone gudumu ndi maso. Alipo amene analemba kuti makolo athu anasowa gudumu chifukwa cha kuchepa nzeru, koma mlandu umenewo anauweruza asanamve mboni. Gudumu siliyenda lokha. Lifuna mseu wotambalala wopanda zitsa, lifunanso chiweto cholikoka. Njira za makolo zinali za phazi la munthu mmodzi, zodutsa m'madambo ndi m'mitsinje yopanda milatho, ndipo pa njira yotere mutu upambana gudumu kutali. Za chiweto, nchenche ya kashembe inapha ng'ombe m'madera ambiri a dziko lino, ndipo m'zaka za m'ma 1890 mliri waukuru wa ng'ombe unasesa Africa kuyambira kumpoto kufikira ku Cape. Kashembe yemweyo anasautsa ndi anthu omwe: m'chaka cha 1922 boma linasamutsa midzi ya kumadzulo kwa Kasungu chifukwa cha nthenda ya kaodzera, ndipo malo amene anasiyawo ndiwo anasanduka nkhalango yosungiramo nyama, imene inakhala Kasungu National Park m'chaka cha 1970. Munthu sasema ngolo pamene ng'ombe yoikoka idzafa mwezi usanathe.

Tsono tisiye amtengatenga pang'ono, tipite kwa anthu a mabuku a kutsidya kwa nyanja, pakuti iwonso anali ndi funso lowalemera: chiyendetsa chinthu nchiani, ndipo chichiimitsa nchiani?

Aristotle, mphunzitsi wamkuru wa Ahelene, amene anamwalira m'chaka cha 322 Kristu asanabadwe, anaphunzitsa kuti chinthu chonga gareta chiyenda pokhapokha china chiri kuchikoka kapena kuchikankha. Kukokako kukaleka, kuyenda nakonso kuleka. Tisafulumire kumseka, pakuti woyendetsa ngolo ali yense aona chomwecho: ng'ombe zikaima, ngolo iima. Koma panali chinthu chimodzi chokana kulowa m'chiphunzitso chache, ndicho mubvi. Mubvi ukachoka pa uta palibenso chouponya, koma upitirirabe kufikira ulasa nyama. Aristotle anati mpweya ndiwo uutenga ndi kuukankhabe. John Philoponus, mphunzitsi wa ku Alexandria m'dziko la Aigupto, anakana zimenezi m'zaka za m'ma 500, nati woponyayo asiya kanthu m'chinthu choponyedwacho, ndipo mpweya suthandiza koma kutsekereza. Koma dzina la Aristotle linali lalikuru, ndipo ophunzira ambiri anamtsatabe zaka mazana ambiri.

Amene anathyola chiphunzitsocho ndiye Galileo Galilei wa ku Italy, wobadwa m'chaka cha 1564. Iye sanakhutire ndi kutsutsana kwa pakamwa. Anatenga thabwa lalitali, nasema ngalande m'kati mwache, naisalaza ndithu, nalipendeketsa, nagubuduzamo kampira ka mkuwa. Wochi yoyesera nthawi yaifupi chotero kunalibe masiku amenewo. Potero anayesa nthawi ndi madzi otuluka m'chotengera pa kabowo kakang'ono, nayesa kulemera kwa madziwo pa sikelo. Anapeza kuti chinthu chakugwa chionjezera liwiro mwa muyeso wosasintha, ndi kuti chinthu cholemera sichisiya chopepuka m'mbuyo, kupatula pamene mpweya usokoneza. Mau amenewa anatsimikizidwa pamaso pa dziko lonse m'chaka cha 1971, pamene David Scott anagwetsa nyundo ndi nthenga pa mwezi, pamene palibe mpweya, ndipo zinafika pansi pamodzi.

Koma chachikuru pa nkhani yathu ndi ichi. Kampira kotsika pa thabwa lina kakwera pa thabwa la patsidya kufikira chifupi msinkhu umene kanachokera; ndipo thabwa likakhala losalala koposa, kayandikira koposa. Mukagoneka pang'ono thabwa lachiwirilo, kampira kapita patali kufuna msinkhu womwewo. Nanga mukaligoneka ndithu, kuti pasakhale chokwera? Pamenepo kalibe chifukwa cha kuimira. Potero Galileo anazindikira kuti kuyenda sikutopa, ndipo sikutha kokha monga moto utha nkhuni zikapsa. Chinthu choyenda chiima chifukwa china chachiimitsa, ndipo chochiimitsacho kawirikawiri ndiko kukhulana kuja. Anasindikiza zimenezi m'buku lache la 1638, ali nkhalamba ndi maso ali kufa. Taganizani tsono za ngolo ija. Pa mseu wosalala wopanda chitunda, ng'ombe sizikoka kuti zilenge kuyenda ai. Zikoka kuti zibwezere chimene kukhulana kuli kuba pa phazi liri lonse. Chepetsani wakubayo, ndipo nchito ya ng'ombe ichepa.

Isaac Newton wa ku England anamanga zonsezi m'malamulo, m'buku lache lodziwika ndi dzina lakuti Principia, losindikizidwa ku London m'chaka cha 1687. Anaonetsa kuti chinthu chokhala chikhalabe, ndi choyenda chiyendabe molunjika ndi liwiro lomwelo, kufikira mphamvu yochokera kunja ichisintha. Ndi kuti mphamvu yofunika ikula monga katundu achuruka, ikulanso monga munthu afuna kusintha liwiro msanga. Ndicho chifukwa chache ponyamuka ndipo pabvuta: anyamata akankha ngolo kumbuyo, ng'ombe ziwerama, koma ikangoyamba kuyenda onse akwera. Umboni woposa wa lamuloli uli kumwamba. Chombo dzina lache Voyager 1 chinaponyedwa kuchokera ku America m'chaka cha 1977; palibe makina ochikankhira m'tsogolo, koma popeza kumeneko kulibe mpweya kapena nthaka yokhulana nacho, chiri kuyendabe makilomita ngati 17 pa sekondi iri yonse.

Anthu a manja sanadikire anthu a mabuku. M'manda a mkuru wina wa ku Aigupto, dzina lache Djehutihotep, amene anakhala zaka ngati 1,900 Kristu asanabadwe, munajambulidwa khamu la amuna ali kukoka fano lalikuru la mwala pa matabwa okwawa, ndi mwamuna mmodzi ali kutsogolo kuthira madzi pa mchenga. Ophunzira a ku Amsterdam anayesa zimenezi m'chaka cha 2014, napeza kuti mchenga wonyowa pa muyeso woyenera uchepetsa mphamvu yokokera ndi theka. Kukoka pansi kuli ndi ubwino umodzi, wakuti dziko lisenza kulemera konse, munthu nalimbana ndi kukhulana kokha. Machona amene anagwira nchito ku Rhodesia anaonako mphanda ya mtengo yokokedwa ndi ng'ombe, yosanjikizidwa matumba. Koma mphandayo inakumba njira zimene mvula inasandutsa zigwembe, ndipo boma la kumeneko linailetsa.

Gudumu lichita chinthu chochenjera koposa. Silikwawa pansi, koma liponda ndi kunyamuka, kuponda ndi kunyamuka. Ndipo kukwawa konse kusamukira pa malo amodzi aang'ono, pamene gudumu lizungulira pa chitsulo chache. Malo amenewo munthu atha kuwasalaza, kuikamo timipira tachitsulo, ndi kuwapaka girizi. Kukoka katundu pa dothi ndi mtengo wokwawa kufuna mphamvu yolingana ndi chifupi theka la kulemera kwache. Kumkoka pa matayala opopedwa bwino, pa mseu wouma wolimba, kufuna ngati gawo limodzi la magawo 20. Apa ndipo pagona yankho la mabelo asanu aja. Gudumu lachitsulo pa njanji yachitsulo lipambananso pamenepo, kotero kuti injini imodzi ikoka mabogi ambirimbiri. Njanji inafika ku Blantyre m'chaka cha 1908, ndi ku Salima m'chaka cha 1935, chaka chomwecho chimene mlatho wa pa Zambezi unatsegulidwa. Inafika ku Lilongwe m'chaka cha 1979, koma ku Kasungu siinafike konse. Potero fodya wa kuno anayenda, ndipo ayendabe, pa ngolo ndi pa malole.

Pakuti fodya ndiye anaitana gudumu m'zigwa za pakati pa dziko. M'zaka za m'ma 1920 A. F. Barron ndi R. W. J. Wallace anayamba kugawira mbeu ya fodya wa chikopa kwa alimi a m'midzi ya ku Lilongwe, ndipo m'chaka cha 1926 boma linakhazikitsa Native Tobacco Board kuti iyang'anire ulimiwo. Miseu inalambulidwa kunka kumisika. Ngolo zinachuruka m'midzi makamaka itatha nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, amisiri atayamba kuzikhoma pa zitsulo ndi matayala a magalimoto akufa. Ndipo kuyambira 1990, pamene alimi ang'onoang'ono analoledwa kulima fodya wa burley, zigafa zinamera m'midzi yozungulira Chamama, ndi mabelo ofuna kupita ku Chinkhoma kapena ku Kanengo. Mwini ngolo amene aumira ndalama ya girizi, naleka magudumu ache alire ngati nkhumba, kapena ayenda ndi matayala ophwa, sapulumutsa kanthu; ndalamayo ilipidwa ndi makosi a ng'ombe zache pansi pa goli.

Komatu choonadi chimene Galileo anapeza chiri ndi mano, ndipo chiluma potsetsereka. Ngolo yodzala ikayamba kutsikira kudambo, siifunanso kukokedwa; ifuna kuimitsidwa, ndipo ngolo zambiri za m'midzi ziribe mabuleki. Kulemera konse kutsamira pa goli, ng'ombe zithamanga kuthawa chimene chiri kuzikankha, ndipo ana okhala pamwamba pa matumba ndiwo ayamba kugwa. Lole ikaima dzidzidzi, anthu okhala kumbuyo agwera kutsogolo. Palibe wawakankha, koma matupi ao ali kupitiriza ulendo umene galimoto yaleka. Ndipo pali muyeso umene woyendetsa njinga yamoto ali yense ayenera kuudziwa monga adziwa dzina lache: liwiro likawirikiza kawiri, mtunda wofunika poima suwirikiza kawiri ai, koma kanai. Amene aima m'mapazi 10 poyenda pang'onopang'ono afuna mapazi 40 akathamanga kawiri, ndipo mwana wodumpha mseu pa Chamama tsiku la msika ali m'kati mwa mapazi 30 otsalawo.

Pamenepa tiona kuti kukhulana, kumene tinakuyesa mdani, kulinso bwenzi. Buleki ndiko kukhulana kopangidwa dala. Kuyenda kwenikweni kutsamira pa iko. Pakuti Newton anaonetsanso kuti chinthu chikakankha chinzache, chinzachecho chibweza kukankha kolingana. Ng'ombe iponda nikankhira nthaka kumbuyo, ndipo nthaka iikankhira kutsogolo. M'mwezi wa February, pa dothi la makande loterera, chiboda chilibe pogwira, nthaka ilibe chobweza, ndipo ng'ombe ingopalasa pamodzimodzi ingakhale ikwapulidwe chotani. Woyendetsa wanzeru aleka chikoti, nathyola nthambi, naziyala pansi pa ziboda ndi magudumu.

Njinga yopalasa ndiyo inapatsa gudumu kwa munthu wopanda ng'ombe. Njinga ya magudumu awiri ofanana, yoyendetsedwa ndi tcheni, inapangidwa ndi J. K. Starley ku Coventry m'chaka cha 1885, ndipo m'chaka cha 1888 John Boyd Dunlop anaibveka matayala a mpweya. Kuno inadza ndi amishoni ndi a boma, koma inalowa m'midzi makamaka ndi amuna obwera ku Salisbury ndi ku Johannesburg, amene njinga inali chizindikiro chakuti sanapite pachabe. Mwamuna yemwe uja wosenza makilogalamu 25 atha kukankha pa njinga matumba awiri a makilogalamu 50 liri lonse.

M'tcheni ya njinga muli nzeru ina, yakale koposa, imene Archimedes wa ku Syracuse, womwalira m'chaka cha 212 Kristu asanabadwe, anaiwerengera bwino: mphamvu itha kusinthanitsidwa ndi mtunda, monga munthu asinthanitsa mbuzi ndi chimanga. Pozula chitsa muika mwala pafupi nacho, nimupanikiza nsonga ya mtengo wautali. Dzanja litsika mtunda waukuru mopepuka, chitsa chikwera pang'ono ndi mphamvu yaikuru. Mkono wa mjigo wa Afridev, umene unayamba kuyesedwa m'Malawi muno m'zaka zoyamba za m'ma 1980, ndiwo mtengo womwewo, ndipo mtsikana wogwira kunsonga apopa mosabvuta koposa wogwira pafupi. Jeke yodindira fodya ipita nayo nzeruyi patali. Tiyese kuti mkono wache utalika mita imodzi, ndi kuti pozungulira kamodzi thabwa litsika sentimita imodzi. Dzanja layenda mamita oposa 6, ndiwo masentimita oposa 600, kuti thabwa liyende imodzi. Potero mphamvu ya dzanja ichurukitsidwa kambirimbiri. Kukhulana kwa m'mizere ya chitsulo kudya gawo lalikuru la phindulo, koma ndikonso kugwira jeke kuti isabwerere pamene munthu aleka kuti asoke chiguduli.

Zonsezi zinakomana pamodzi m'mudzi wa Masitala kwa Wimbe, pafupi ndi Chamama pomwe. M'njala ya 2001 ndi 2002 mnyamata wa kumeneko, William Kamkwamba, anapalasa njinga kudza ku ADMARC ya pa Chamama kufuna chimanga, monga anachita anthu ambirimbiri. Ndipo analeka sukulu ya sekondale ya Kachokolo chifukwa makolo ache anasowa fizi. M'kanyumba ka mabuku pa sukulu ya pulaimale ya Wimbe anabwereka mabuku a sayansi, lina Explaining Physics, lina Using Energy, limene pachikuto pache panali chithunzi cha makina ozunguliridwa ndi mphepo. Chingerezi chache chinali chochepa, potero anatsata zithunzi. M'chaka cha 2002, ali ndi zaka ngati 14, anaimika nsanja ya mitengo ya bulugamu yotalika mamita ngati 5. Mapiko anawapanga ndi paipi ya pulasitiki, ataiotcha ndi kuiphwatalatsa. Anawamanga pa chokupizira cha thirakitala chimene anatola pa zitsulo zotayidwa za esiteti ya fodya. Ndipo mtima wa makinawo unali njinga yakufa ya atate wache. Anthu anamyesa wamisala.

Taonani m'mene mphamvu iyendera m'makina amenewo. Mphepo iomba mapiko opendekeka niwakankhira kumbali, potero azungulira. Mapiko azunguza giya yaikuru ya njinga, imene kale inazunguzidwa ndi mapazi; tcheni ipereka kuzungulirako ku giya yaing'ono ya gudumu la kumbuyo, ndipo gudumulo lithamanga koposa mapiko, ndiko kusinthanitsa kuja kwa Archimedes, koma chobwerera, kupereka mphamvu pogula liwiro. Tayala likhula kamutu ka dayinamo, kamene kakadapanda kukhulana sikakadazungulira konse. Ndipo dayinamo itulutsa magetsi. Poyamba linayaka babu limodzi, pambuyo pache mababu anai ndi mawailesi awiri. Mbiri yache inatuluka m'nyuzipepala m'chaka cha 2006. Anakalankhula ku msonkhano wa TED ku Arusha m'chaka cha 2007. Buku la moyo wache, lolembedwa pamodzi ndi Bryan Mealer, linasindikizidwa m'chaka cha 2009, ndi kanema wache anatuluka m'chaka cha 2019.

Pamene anamanganso makina ena pakhomo pao, nsanja yaitali koposa inafika mamita 12. Pakuti mphepo nayonso ikhulana ndi dziko: pafupi ndi pansi igwidwa ndi udzu, chimanga, madenga a nyumba ndi mitengo ya mango, nifooka ndi kupotoloka, koma pamwamba pa zonsezi iomba molunjika ndi mwamphamvu.